Khirisimasi ya ku Germany: zomwe mukadye ndi mawu oti mukhale nawo pakamwa

Funso: "Ndinabwera ku Germany mu Seputembala kudzaphunzira unamwino. Chijeremani changa chili pa B1, mlingo wapakati, koma ndi cha m'buku. Mnzanga wa kuntchito wandiitana kwa makolo ake kuyambira pa 24 mpaka pa 26 Disembala, ndipo mayi ake akuti ndikawathandize kukhitchini. Kumakhala zakudya zanji, ndipo ndiphunzire mawu ati kuti ndisakachite manyazi?"

Achemwali, musaloweze mndandanda wa mayina ngati mukukonzekera mayeso. Ku Germany tsiku lililonse la nyengoyi lili ndi chakudya chake, choncho liwu lililonse muliphunzire pamodzi ndi tsiku lake, kamawu kake ka der, die kapena das, ndiponso mneni amene limayenda naye. Mayi a mnzanuyo akakupatsani mpeni ndi mbale, sadzakufunsani dzina la mbatatesi. Adzakuuzani choti muchite nayo.

Kwathu tsiku lalikulu ndi la 25, la mpunga ndi nkhuku. Kwa Ajeremani mtima wa chikondwerero ndi madzulo a pa 24, otchedwa Heiligabend. Ndi pamene amapita kutchalitchi, n'kubwera kudzapatsana mphatso, mwambo umene amautcha die Bescherung. Masitolo ambiri amatseka pofika 2 koloko masana tsikulo, ndipo pa 25 ndi pa 26 satsegula, choncho chilichonse chomwe mukufuna kukatenga mugule pa 23 pasanadutse.

Chomwe chimadabwitsa alendo ambiri ndi chakuti pa usiku waukulu choterewu mabanja ambiri amadya Kartoffelsalat mit Würstchen, saladi wa mbatatesi ndi timasoseji. Musaganize kuti akukupeputsani. Kale pa 24 linali tsiku losala, komanso ndi tsiku lotanganidwa ndi kukongoletsa mtengo, kukulunga mphatso ndi mapemphero, motero pamafunika chakudya chokonzeratu m'mawa. Saladiyu amagawa dziko pawiri. Kumpoto amathira mayonezi. Kumwera, ku Bayern ndi ku Baden-Württemberg, amathira msuzi, viniga ndi mafuta, ndipo mbali iliyonse imakhulupirira kuti yake ndiyo yeniyeni. Funsani kuti "Mit Mayonnaise oder mit Brühe?" ndipo macheza ayambira pomwepo.

Wa kumwera amakonza chonchi. Mutenge mbatatesi kilogalamu 1 ya mtundu wolembedwa festkochend pathumba, imene siphwanyika ikapsa. Ya mehligkochend imanyenyeka ngati ufa ndipo saladi amasanduka phala. Muiphike ndi makoko ake kwa mphindi 20 mpaka 25, muisende ikadali yofunda (kusenda ya yophika ndi pellen, ya yaiwisi ndi schälen), n'kuidula mopyapyala, in Scheiben schneiden. Muwiritse msuzi mamililita 250 ndi anyezi mmodzi wodula timizidutswa, muthiremo viniga masupuni aakulu 4, mastadi (der Senf) supuni yaing'ono, mchere ndi tsabola, n'kutsanulira pa mbatatesi msuziwo uli wotentha. Mafuta, masupuni aakulu 4, alowe pomaliza patapita theka la ola. Mukawathira poyamba amamata mbatatesi, msuzi sulowa, ndipo saladi amakhala wozizira m'kamwa ngakhale mchere mutathira wokwanira.

Theka la ola lodikiralo lili ndi dzina lake, ziehen lassen, ndipo pa mawu onse a m'yankho lino awa ndiwo muwagwiritsitse. Tanthauzo lake ndi kusiya chakudya chikhale m'madzi otentha kapena m'msuzi popanda kubwata. Ife tinazolowera kuti ndiwo zapsa pokhapokha poto atabwata mokwanira, ndipo chizolowezi chimenechi ndicho chimawononga zakudya za Khirisimasi ya ku Germany. Timasoseji ta Wiener kapena Bockwurst tinaphikidwa kale kufakitale. Muwiritse madzi, muphule poto, muikemo timasosejito kwa mphindi 8 mpaka 10. Madzi akabwata tili momwemo, chikopa chimaphulika (mneni wake ndi platzen) ndipo kukoma konse kumapita m'madzi. Mukamva kuti "Nicht kochen, nur ziehen lassen!" dziwani kuti akukuuzani zimenezi.

Mabanja ena pa 24 amadya nsomba yotchedwa der Karpfen, chotsalira cha mwambo wosala nyama uja. Mukamva Karpfen blau, ndi nsomba imene sanaipale mamba kapena kuitsuka mwamphamvu, chifukwa zoterera za pakhungu lake ndizo zimasanduka zabuluu akazithira viniga wotentha. Choncho musathamangire kuipala ngati chambo. Nayonso imapsa m'madzi osabwata. Minga zake ndi die Gräten, osati die Knochen, amene ndi mafupa a nyama. Mabanja ena amachita Raclette kapena Fondue, pomwe aliyense amadziphikira yekha patebulo, ndipo pamenepo ntchito yanu ingokhala kuduladula.

Pa 25 ndi pa 26, der erste ndi der zweite Weihnachtsfeiertag, ndi pamene pamabwera chakudya cholemera: Gänsebraten mit Rotkohl und Klößen, tsekwe wowotcha ndi kabichi wofiira ndi mipira ya mbatatesi. Apa kaganizidwe kake n'kosiyana ndi kathu. Kwathu chakudya ndi nsima, nyama ndi ndiwo chabe. Kumeneko chakudya ndi nyamayo, der Braten, ndipo mbatatesi ndi kabichi ndi zoperekeza, die Beilagen. Ndiye wina akafunsa kuti "Was gibt es zu essen?", yankho ndi "Gans", zinazo amangozidziwa. Tsekwe mmodzi ndi die Gans, ambiri ndi die Gänse. Samalani katchulidwe, chifukwa Gans amathera pa s pomwe ganz, kutanthauza chathunthu, amathera pa ts. Chilembo z m'Chijeremani nthawi zonse chimamveka ngati ts wa mu tsekwe kapena tsabola, motero Zucker (shuga), Zimt (sinamoni) ndi Zwiebel (anyezi) kwa inu si ovuta. Chovuta kwa olankhula Chichewa ndi l ndi r, amene kwathu timawasinthanitsa popanda vuto. M'Chijeremani das Glas ndi tambula, das Gras ndi udzu. Yesezani Rotkohl pang'onopang'ono, popeza muli zonse ziwiri, ndipo musawonjezere i kumapeto.

Tsekwe wa makilogalamu 4 mpaka 5 amakwanira anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ngati ndi woundana, tiefgekühlt, amafuna pafupifupi masiku awiri mufiriji kuti asungunuke, auftauen. M'mimba mwake mumakhala kathumba ka zam'kati, die Innereien, ndipo oyamba kumene amakonda kukaiwala momwemo. Mumpake mchere, tsabola, Majoran ndi Beifuß, masamba owawirako amene Ajeremani amaika pa nyama yonona. M'mimba muikemo maapulo ndi anyezi, die Füllung. Kenako muboole chikopa ndi foloko m'mbali ndi kunsi kwa ntchafu, einstechen, osafika pa mnofu. Tsekwe ndi wonona kwambiri kuposa nkhuku kapena bakha, ndipo mafutawo akasowa potulukira chikopa chimakhala cholobodoka. Mukaboola mpaka pa mnofu, msuzi umatuluka ndipo nyama imauma.

Mumgoneke chafufumimba m'chiwaya chakuya, der Bräter, muli madzi theka la lita, mu uvuni wa madigiri 160 mpaka 170. Pakatha ola mumtembenuze. Mphindi 30 zilizonse muzimthira msuzi wake pamwamba, begießen, n'kumatapa mafuta oyandama, das Fett abschöpfen. Mafutawo musataye. Ndi das Gänseschmalz, amaphikira kabichi ndipo amapaka pa buledi. Muwerengere pafupifupi ola limodzi pa kilogalamu iliyonse. Mukabaya pantchafu n'kutuluka madzi oyera opanda magazi, wapsa. Mphindi 10 mpaka 15 zomaliza mumpake madzi amchere ndi kukweza moto kufika madigiri 220 kuti chikopa chikhale knusprig, chokhukhuta. Pa gawo limeneli musachoke pa uvuni, chimapserera m'kanthawi kochepa.

Kabichi wofiira ali ndi mayina atatu malinga ndi dera: der Rotkohl kumpoto, das Rotkraut chapakati, das Blaukraut ku Bayern. Ndi kabichi mmodzi yemweyo. Mtundu wake umasintha ndi zomwe mwathiramo: zowawasa zimamufiiritsa, ndipo zikasowa amapita kubuluu. Pa kabichi kilogalamu 1 pamafunika maapulo awiri owawasa, anyezi, mafuta a tsekwe masupuni 2, viniga masupuni 3 kapena 4, shuga pang'ono, Nelken (ma clove) zitatu ndi tsamba la Lorbeer (bay leaf). Viniga alowe koyambirira. Soda, amene timathira mu therere kuti lifewe, asayandikire n'komwe, chifukwa kabichiyo amasanduka wobiriwira ndi wosaoneka bwino. Aphike pa moto wochepa, poto wovundikira, kwa ola lathunthu, ndiko schmoren. Amakoma kwambiri akagona n'kutenthetsedwa mawa lake, aufgewärmt, choncho mwina ntchito imeneyi mudzaipeza pa 24 m'mawa.

Mipira ya mbatatesi ndi der Kloß, yambiri die Klöße, koma kumwera ndi ku Austria amati der Knödel. Apa ndiye pofunika mbatatesi ya mehligkochend. Yotchuka ya ku Thüringen imakhala magawo awiri a mbatatesi yaiwisi yopala, reiben, ndi gawo limodzi la yophika. Pa kilogalamu 1.5, mupale kilogalamu 1, muifinye m'kansalu mpaka iume gwa, auspressen, ndipo ufa woyera umene ukhazikike pansi pa madzi ofinyawo muubwezere. Magalamu 500 otsalawo muwaphike n'kuwatakasa kukhala phala, n'kulitsanulira pa yaiwisi lija likubwata, mukuvundula mwamphamvu ngati nsima. Muumbe ndi manja onyowa, pakati muikepo timabuledi tokazinga. Madzi amchere awire, muchepetse moto, mipira ikhalemo mphindi 20, ziehen lassen. Ikabwata imasweka n'kusanduka phala lamadzi, zerfallen. Ophika odziwa amayamba ndi umodzi woyesera, der Probekloß, ndipo ukasweka amawonjezera Kartoffelstärke, ufa woyera wa mbatatesi, pa zotsalazo. Mabanja ambiri masiku ano amagula Kloßteig, mtanda wake wokonzeratu, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Patebulo, Kloß sadula ndi mpeni. Amaung'amba ndi foloko kuti umwe msuzi, die Soße.

Zotsekemera zimayamba kale kwambiri, mu der Advent, nyengo ya Malamulungu anayi Khirisimasi isanafike. Pa 6 Disembala, Nikolaustag, ana amapeza mtedza, manachesi ndi chokoleti m'nsapato zomwe anaika pakhomo usiku. M'nyumba amaphika Plätzchen, timabisiketi ta Khirisimasi. Liwu lililonse lochepetsa chinthu lothera pa -chen (osati ngati der Kuchen kapena der Knochen) limatenga das ndipo silisintha likachuluka: das Plätzchen, die Plätzchen, das Würstchen, die Würstchen, das Brötchen, die Brötchen. Lamulo lina lopulumutsa ndi lakuti mawu aatali olumikiza amatenga kamawu ka liwu lomaliza. Der Braten amapereka der Gänsebraten, der Salat der Kartoffelsalat, die Gans die Weihnachtsgans, der Wein der Glühwein. Liwu lalitali muziliwerenga kuchokera kumapeto.

Ngati mukufuna kukafika ndi kanthu m'manja, ein Mitbringsel, ndikulangizani Plätzchen ophika nokha. N'zotsika mtengo ndipo Ajeremani amalemekeza chinthu cholembedwa selbstgebacken. Mtanda wake, der Mürbeteig, umakumbukika ndi 1, 2, 3: shuga magalamu 100, batala wozizira magalamu 200, ufa wa tirigu wa Type 405 magalamu 300, dzira limodzi ndi mchere wotsina, eine Prise Salz. Mukanye mwachangu, kneten. Mukachedwa batala amasungunuka ndi kutentha kwa manja, mtanda umanyenyeka, ndipo mabisiketi amalimba. Muuike mufiriji ola limodzi, kalt stellen, muufutukule ndi mpini wake, ausrollen, mpaka mamilimita 3 kapena 4, mudule nyenyezi ndi mitima ndi tizikombole, ausstechen, n'kuika pa das Backblech. Aphike mphindi 10 mpaka 12 pa madigiri 180. Maphikidwe a Chijeremani amalemba mitundu iwiri ya moto: Ober-/Unterhitze, wochokera pamwamba ndi pansi, ndi Umluft, wa fani. Pa Umluft muchotse madigiri 20, apo ayi m'mphepete mupserera. Zidule zinanso ndi EL, supuni yaikulu, TL, yaing'ono, ndi Pck., kapaketi. Die Hefe ndi yisiti, das Natron ndi soda, das Backpulver ndi ufa wotupitsa makeke. Ndipo musasokoneze aneni atatu awa: backen ndi wa buledi ndi makeke, braten wa nyama ya mu uvuni kapena yokazinga, kochen wa zam'madzi. Der Kuchen ndi keke, die Küche ndi khitchini, timadontho tiwirito si tokongoletsa.

M'mbale ya zotsekemera, der bunte Teller, mukapezamo Zimtsterne, nyenyezi za sinamoni ndi Mandeln (mtedza wa amondi), Vanillekipferl zokhota ngati mwezi watsopano, Spekulatius zopyapyala zokhala ndi zithunzi, Dominosteine, tizidutswa ta keke tokutidwa ndi chokoleti, ndi Marzipankartoffeln, zimene si mbatatesi koma Marzipan, mtanda wa Mandeln ndi shuga, wobulungidwa mu koko. Marzipan wotchuka ndi wa ku Lübeck.

Der Stollen ndiye mfumu ya zonsezi. Ndi buledi wolemera wa yisiti, wodzaza mphesa zouma, wokutidwa ndi shuga woyera wosalala, der Puderzucker, amene amati amakumbutsa nsalu zokulungira khanda Yesu. Kwawo ndi ku Dresden, komwe msika wa Khirisimasi wotchedwa Striezelmarkt unayamba mu 1434. Poyamba unali buledi wa nyengo yosala, wa ufa, yisiti, madzi ndi mafuta basi, mpaka mu 1491 Papa Innocent VIII analemba kalata yodziwika kuti Butterbrief yolola batala. Lero dzina lakuti Dresdner Christstollen ndi lotetezedwa ndi malamulo a European Union, ndipo muyeso wake ndi wokhwima: pa kulemera kwa ufa, batala asachepere 50 peresenti, mphesa zouma 65, makoko a malalanje ndi mandimu ophika mu shuga (Orangeat ndi Zitronat) 20, Mandeln 15, ndipo majarini saloledwa. Pa ufa magalamu 500 ndiye kuti batala 250, mphesa 325, makoko 100, Mandeln 75. Mtanda wolemera choncho umafuna yisiti wambiri, kabuloko kathunthu ka magalamu 42, ndi mkaka wofunda chabe, lauwarm, popeza wotentha umapha yisiti. Zipatso zimalowa pomaliza ndi kukanya pang'ono, chifukwa zikaphwanyika mtanda umada, ndipo mphesa zotsalira pamwamba zimapserera n'kuwawa. Akauphula amaupaka batala wosungunula, kuwaza shuga, kuukulunga, n'kuusiya pozizira milungu iwiri kapena itatu kuti chinyezi cha zipatso chilowerere. Kudikira kumeneku ndi durchziehen, m'bale wake wa ziehen lassen. Choncho Stollen wophika pa 23 Disembala ndi ntchito yotayika. Chaka chino ingogulani.

Der Lebkuchen ndi keke wa uchi ndi zonunkhiritsa. Wa ku Nürnberg amakhala pa kabuledi kopyapyala koyera, die Oblate, kamene kamadyedwa, musakasende. Wapamwamba ndi Elisenlebkuchen, wokhala ndi mtedza ndi Mandeln zosachepera 25 peresenti ndi ufa wosapitirira 10 peresenti. Ku Aachen ali ndi Printen olimba, ndipo kum'mawa amati Pfefferkuchen, ngakhale kuti sawawa, chifukwa kale Pfeffer linali dzina la zonunkhiritsa zonse zochokera kutali.

Ku der Weihnachtsmarkt mupiteko Khirisimasi isanafike, chifukwa misika yambiri imatseka pa 23 kapena pa 24, ndipo ndi malo abwino oyesera mawuwa pa anthu osakudziwani. Muli gebrannte Mandeln, Maronen (mtedza wa chestnut) zowotcha, Bratwurst, ndi zitumbuwa za mbatatesi zotchedwa Reibekuchen kapena Kartoffelpuffer. Der Glühwein ndi vinyo wofiira wotenthetsa ndi sinamoni, Nelken, malalanje ndi shuga. Naye sabwatitsa: mowa wake umawira pa madigiri 78, ndipo zonunkhiritsa zikawira zimawawa. Wogulitsa akafunsa "Mit Schuss?" akufunsa ngati awonjezere mowa waukali. Wopanda mowa ndi der Kinderpunsch, ndipo akuluakulu amamwanso popanda wowaseka. Mtengo ukakwera kuposa wolembedwa, sanakubereni, ndi das Pfand, chikole cha kapu chimene amabweza mukabweza kapuyo.

Ngati simudya nkhumba kapena simumwa mowa, nenani masiku angapo musanapite: "Ich esse kein Schweinefleisch", "Ich trinke keinen Alkohol". Masoseji ambiri ndi a nkhumba, der Speck, nyama yonona ya nkhumba, amabisala mu saladi, das Schmalz wamba ndi mafuta a nkhumba, ndipo mphesa za mu Stollen nthawi zambiri amaziviika mu Rum. Funso lake ndi "Ist da Alkohol drin?" kapena "Ist da Schwein drin?". Ajeremani sakhumudwa ndi funso lolunjika, amakhumudwa ndi mbale yosiyidwa popanda kunena chifukwa.

Makolo a mnzanuyo muwaitane ndi Sie ndi dzina la banja, Frau kapena Herr, monga momwe kwathu simunganene iwe kwa mayi a mnzanu, kufikira iwo eni atakupemphani kuti munene du. Polowa nenani "Frohe Weihnachten" ndi "Vielen Dank für die Einladung". Kukhitchini, "Kann ich helfen?" ndi "Wie klein soll ich das schneiden?" adzakufikitsani patali. Patebulo musayambe kudya mpaka wina atanena "Guten Appetit", ndipo pogundanitsa matambula ndi "Prost" kapena "Zum Wohl" mumuyang'ane munthuyo m'maso, ngakhale ali wamkulu. Kwathu kuyang'ana pansi ndi ulemu, kumeneko kumaoneka ngati mukumupewa. Poyamikira nenani "Das schmeckt mir sehr gut", ndi mir, osati mich.

Pali misampha itatu imene imagwira ophunzira ambiri. Mukakhuta nenani "Ich bin satt". "Ich bin voll" ambiri amamva kuti mwaledzera. Das Gift ndi poizoni, mphatso ndi das Geschenk. Wachitatu ndi wa chikhalidwe: kwathu mlendo amayamba wakana kaye, mwini nyumba n'kukakamiza. Kumeneko akafunsa "Möchten Sie noch etwas?" inu n'kuyankha "Danke", amamva kuti ayi, ndipo mbale imadutsa osabwereranso. Ngati mukufuna nenani "Ja, gerne" kapena "Ja, bitte, aber nur ein bisschen". Kuwonjezera kumatchedwa der Nachschlag, ndipo wophika amakondwa nako.

Pochoka pa 26 mwina adzakupatsirani zotsala, die Reste, ndi kachitini ka Plätzchen. Landirani, ndipo chitinicho mudzachibweze kudzera mwa mnzanuyo. Masiku a pakati pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano amawatcha zwischen den Jahren, ndipo potsazika pa masiku amenewo mawu ake ndi "Guten Rutsch!". "Frohes neues Jahr" musunge mpaka 12 koloko usiku wa pa 31, Silvester, itakwana.